Malo a pa Geti

"Ndakweza," anatero Griffin, nakankhira zitsekerero za mabotolo khumi pakati pa thebulo.

A Weston anayang'ana makadi awo, nawavundikira. Aka kanali kachisanu ndi chimodzi kuthawa.

Griffin anaseka mpaka kutsokomola. Masewera a makadi otchedwa poka anawaphunzira ku Kande kwa dalaivala wa galimoto ya alendo, ndipo ndi iye anawabweretsa kwa ogulitsa ziboliboli a m'mbali mwa mpanda wa loji ina ku Chintheche. Masana alendo akakhala ali m'madzi, amuna ankakokera thebulo pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba. Nzeru ya Griffin inali imodzi basi: kweza, kwezanso, wamantha athawa yekha. Makadi akhale abwino kapena oipa, zinalibe kanthu.

Ndipo wamantha wofanana ndi a Weston anali asanamuonepo. Mkulu wa imvi, wouma pakamwa, wosema ng'ona ndi mvuu zomwezomwezo chaka ndi chaka. Koma mkulu yemweyo ndi amene anali ndi shedi yoyamba, pa geti penipeni, pamene mlendo amatulukira chikwama chikadali cholemera. Griffin anali kumapeto kwa mzere, kumene alendo amafika atatopa, atagula kale, akungojambula. Zaka zitatu akuwasirira malo a pa getiwo. Ngati kuti tsokalo silinakwane, sabata yapitayo lole inakhuthula njerwa ndi mchenga kuseri kwa shedi yake, ndipo wina anakhoma zikhomo ziwiri m'mbali mwa mpanda, zimene zinamupunthwitsa kawiri. Kwake kunasanduka kudzala.

Wezi, mwana wa a Weston amene amakonza zipinda mulojimo, anatulukira pa geti ndi kontena ya chinangwa chophika. Anaiika pambali pa bambo ake, nawanong'oneza mawu awiri atatu m'Chitonga, n'kubwerera kuntchito. A Weston anangogwedeza mutu.

"Akukuuzani kuti muzipita kunyumba, ada," anatero Griffin. "Mverani mwana. Awa si masewera a madoda a mpingo ku Bandawe."

Aleck, wogulitsa mikanda, anagawanso makadi asanu asanu. Griffin anasuzumira ake, mtima n'kudumpha: makwini atatu. Anakweza monga mwa masiku onse, akuyembekeza kuona makadi a mkuluyo akuvundikiridwa. Koma ulendo uno a Weston anakankha zitsekerero zawo zonse zotsala, zisanu ndi ziwiri.

"Ee! Mtembo wadzuka!" anakuwa Griffin.

Anawayang'anitsitsa. Mkulu wosadziwa ngakhale kugwira makadi bwino, watopa ndi kusekedwa, tsopano akufuna kuonetsa chamuna ndi tizitsekerero tisanu ndi tiwiri. Munthu wotere sumusiya apume. Griffin anapisa m'thumba, natulutsa kiyi wa njinga yake yamoto, namuponya pathebulo.

"Zitsekerero ndi za ana. Mukandidya, njinga ndi yanu. Ndikakudyani, tisinthana malo. Inu kumapeto, ine pa geti. Kapena mudikire Wezi adzakuyankhireni?"

Amuna a m'mashedi ena anasiya zosema, nadzazungulira thebulo. A Howard, wapampando wa ogulitsa, anaitanidwa kudzachitira umboni.

"Ada Weston, mwamva bwinobwino?" anafunsa a Howard. "Malo aja mwakhalapo zaka khumi ndi zinayi. Mawu onenedwa pamaso panga sabwerera."

A Weston anatafuna chinangwa chawo mpaka kumeza.

"Ndamva."

Griffin anamenyetsa makwini ake atatu pathebulo, zitsekerero n'kudumpha. A Weston anayang'ana makadiwo, nayang'ana awo nthawi yaitali, milomo ikuyenda ngati mwana wa Sitandade Wani. Kenako anawavundikira.

"Wadya, mwana wanga."

Phokoso linamveka mpaka kumsewu. Aleck, posonkhanitsa makadi, anatukula a mkuluyo pang'ono, natsegula pakamwa. A Weston anamuyang'ana kamodzi, iye n'kutsekanso. Griffin anaziona zonsezo ndipo anaseka. Ayenera kuti anali makadi ochititsa manyazi, oti ngakhale mnzako sangawaulule.

Anasamuka tsiku lomwelo, a Howard akuonerera. Griffin sanathandize mkuluyo kunyamula ngakhale ng'ona imodzi. Anakhala pa mpando wake watsopano, mwendo pamwamba pa unzake, akuwerenga maulendo a a Weston: asanu ndi anayi, kupita kumapeto ndi kubwerera, mvuu paphewa.

"Mosamala ndi zikhomo zija, ada! Zimaluma!"

M'mawa mwake Griffin anafika atavala malaya atsopano. Anayala ziboliboli zake motsatana ndi kutalika kwake, napukuta chilichonse ndi polishi, nakweza mitengo yonse. Galimoto yaikulu ya alendo inali italowa dzulo lake madzulo, anthu makumi awiri ndi anayi, ndipo onsewo akanatulukira pamphuno pake. Anasisita manja. Aleck anadutsa ndi mikanda yake, osapereka moni.

Itakwana naini koloko, geti inatseguka. Munatuluka amisiri awiri, wina ndi khasu, wina ndi mtolo wa bango. Wa khasuyo anayamba kuzula chikwangwani cha loji.

"Tasunthani pang'ono, achimwene, pano tikutseka. Geti yasamukira uko."

Uko kumapeto kwa mzere, pakati pa zikhomo ziwiri zija, mpanda unali utadulidwa kale, ndipo alendo anali atazungulira mkulu wa imvi ndi mvuu zake.

"Makadi a ada Weston aja," anatero Aleck chapansipansi, "anali maeyisi atatu, oposa makwini ako."