Nyambo ya Kabawi

"Kamwanapiye aka si kanga?" anafunsa mayi, ataloza chithunzi chomwe mwamuna wake anakhoma pabalaza. Pachithunzipo kabawi anali atakafumbata ndi zikhadabo.

"Kabawi satera popanda nyambo, mayi a mwana," anayankha mwamunayo uku akupukuta kamera yake.

Ndiye kuti anapiye ake onse osowa aja, mwamunayo ankachita kuwatsegulira dala! Mtima wa mayi unawira.

Loweruka, mwamunayo akusamba, kabawi anayamba kuzungulira pamwamba pa dimba. Mayi anatenga kamera, n'kutulutsa nkhunda yoyera yomwe mwamuna wake ankaidyetsera pamanja.

Potuluka kubafa, mwamunayo anapeza mkazi wake akumwetulira, akuloza chithunzi chatsopano pa kamera.

"Taonani, bambo a mwana, nthenga iliyonse ikuoneka bwinobwino. Tichikhome pambali pa chanu chija?"