Kompyuta Yameza Mijigo ya a Dinis

"Lurdinha, zithunzi za mijigo yanga zapita kuti?" anakalipa a Dinis, chefe wa bungwe lokumbira mijigo anthu obwerera kwawo nkhondo itatha. "Otithandiza afika mawa kuno ku Mandimba!"

Lurdinha, katswiri wa makompyuta, sanatekeseke. A Dinis omwewo ndiwo anamutuma kuchotsa mafayilo obwerezabwereza.

"Kapulogalamu kanga sikayang'ana dzina, Chefe. Kamapatsa fayilo iliyonse nambala potengera zam'kati mwake. Nambala zikafanana, kamasiya imodzi."

"Mijigo inalipo makumi anayi! Ku Mitande, ku Ngauma, konseko!"

"Mayina ndiwo analipo makumi anayi."

Lurdinha anatsegula chithunzi chokhacho chomwe chinatsala. A Dinis anayamba kutsokomola. Kumbuyo kwa mjigowo kunkaoneka khonde la nyumba yawo, akazi awo akuyanika zovala.