Mlendo Amene Boma Linamukana

"Amuna anu anafa pa ngozi ya galimoto ali okha, mayi," anatero Kaputeni Urquídez ataima pafupi ndi bokosi la Sajeni Anselmo. "Zoti asilikali athu amayenda limodzi ndi apolisi a ku Arizona ndi nkhani za kumowa. Boma linakana kale."

Maricruz, mkazi wa malemuyo, anangopitiriza kuthirira khofi anthu obwera pamaliro. Mawuwo anali atawamva kale pa wailesi, ndendende, mpaka pomwe wolankhula amapumira.

Kenaka pakhomo panalowa mzungu wamtali atavala yunifomu ya apolisi a ku Arizona, tsidya lija la malire, mkono uli m'bandeji. Anagwada pamaso pa namfedwayo monga amachitira kwawo, n'kumupatsa mbendera yopinda makona atatu.

"Amuna anu anandinyamula zipolopolo zikuvumba," anatero m'Chisipanishi chothyokathyoka. "Pakanapanda iwo, bwenzi m'bokosimu muli ine."

Kaputeni anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zake ngati wazigula lero.

Maricruz ananyamula kapu yopanda kanthu.

"Bwana Kaputeni, mlendoyu ndimupatse khofi, kapena nayenso boma linakana kuti aliko?"