Zala za Akazi a Pulofesa

A Pulofesa anali atakweza kale dzanja la akazi awo m'mwamba, ngati katundu wa pamsika, pamene mwana wawo wamkazi anatulukira m'chipinda chakuseri kwa shopu atabereka khanda.

"Taonani nokha," iwo ankauza makasitomala awiri odikira mathalauza. "Zala izi zinkalowetsa ulusi pasingano osayang'ana. Lero batani lenilenili likuzikanika."

Zalazo zinalidi zotupa m'mfundo, ziwiri zitayamba kupindika. Mayiwo anangoti zyoli pampando wawo wa pakona, pafupi ndi thumba la thonje loika m'mapewa a majekete.

Upulofesa wa telala ameneyu unali wa pafoni. Sukulu anaitsanzika msanga, koma chidwalireni akazi awo, ankawerenga mpaka makina osokera kuchita fumbi. Dokotala ananena kuti ndi nyamakazi ya mtundu wina, yomwe asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kuyamba kumenya mfundo za mwiniwake. Anati choyambitsa chake nthawi zambiri sichidziwika, ndipo imakonda kuyenda m'mtundu. Pa zonsezo a Pulofesa anatolapo mawu amodzi okha: asilikali. Pafoni anapeza kuti mu katemera wina amathiramo kamankhwala kodzutsa asilikali a m'thupi kuti agwire ntchito mwamphamvu. Basi, mlandu unathera pomwepo. Kodi mayiwa sanapite kukabayitsa katemera, zala zisanayambe kutupa? Kodi sanayende tsiku lonselo ndi kathonje komata pamkono, msewu wonse ukuona?

Malemu apongozi awo nawonso anali ndi zala zopindika chimodzimodzi, katemera ameneyo asanabwere n'komwe. Koma zimenezo a Pulofesa ankati kunali kuchapa m'madzi ozizira.

Chinkawadya mumtima a Pulofesa n'chakuti ndi iwo omwe anatuma akazi awo kokabayitsako. Masiku amenewo anali mlaliki wa katemera, poti ankasoka mayunifolomu a anamwino ndipo sankafuna kuti ntchitoyo iwapulumuke. Mayiwo atazengereza, anawaseka pamaso pa anthu kuti munthu wogwira singano tsiku lonse sangaope kajakisoni. Ndiye pano chisoni chinawafewetsa ngati nsalu yakale. Bambo amene sankadziwa komwe kumakhala tsache anayamba kusesa, kutsuka mbale, ngakhale kupaka akazi awo mafuta m'zala. Ndipo mayiwo, tinene zoona, sanadandaule. Chikwatiwireni, aka kanali koyamba kulandira tiyi ali chikhalire.

"Ababa, ndapita kusikelo," anatero mwana wawo uja, akumangitsa nsalu. "Lero ndi tsiku loti mwanayu alandire katemera wa chikuku."

A Pulofesa anasiya dzanja lija n'kukaima pakhomo, tepi yoyezera ili lende m'khosi.

"Ukadutsa pano ndi mdzukulu wanga, udutsiretu. Chipinda chakuserichi utulukemo lero lomwe."

Mtsikanayo analibe kwina kolowera. Banja lake linali litatha, ndipo kachipinda kameneko ndiko kanali dziko lake lonse. Koma chikuku chinali chitalowa mumsewu wawo. Mwana wa wokonza nsapato wa khomo loyandikana anali atagonekedwa kuchipatala, maso ali psuu, kupuma movutikira.

"Koma ababa, anamwino anati..."

"Anamwino! Iwowo amawerenga ngati ine? Umboni suwu wakhala apawu? Ukufuna kamwanaka kadzapindike ngati agogo ake?"

"Zoona, a Pulofesa," anavomera kasitomala mmodzi, yemwe thalauza lake linali lisanapindidwe miyendo. Mnzakeyo anagwedeza mutu mwamphamvu, poti lake linali lisanadulidwe n'komwe.

Atamva kuti ali ndi mpingo, a Pulofesa anatsegula ulaliki wonse. Anafotokoza za asilikali odzutsidwa kutulo mwadzidzidzi, omenya aliyense amene wayandikira, mdani ndi mbale yemwe. Anajambula ndi choko patebulo lodulira nsalu. Anatchula mawu aatali a pafoni aja, lilime likupunthwa, koma nkhope ili gwa. Atafika poti iwo ndiwo anatumiza akazi awo kokapundulidwa, misozi inalengeza. Misozi imeneyo inali yeniyeni, ndipo inamvetsa chisoni aliyense m'shopumo.

Mtsikana uja anagonja. Anakhala pabenchi, n'kuyamba kumasula mfundo ya nsalu pachifuwa, akulira mosatulutsa mawu. Khanda linatsetsereka n'kufika pamiyendo pake, likuseka, likufuna kugwira tepi ya agogo ake aamuna.

Mayi aja anayang'ana khandalo nthawi yaitali. Anayang'ananso kapu ya tiyi yomwe amuna awo anawapangira, ikadali kutuluka nthunzi. Kenaka anausa moyo ngati munthu wotsanzikana ndi chinthu chokoma.

"Bereka mwanayo uzipita, mwananga, usachedwe mzere."

"Mayi, mwayamba kuzungulira mutu?" anakalipa a Pulofesa. "Inuyo amene katemera anakupundulani?"

Mayiwo anapisa zala zawo zotupazo m'thumba la pakona lija n'kutulutsa kathonje.

"Bambo, tsiku lija nditangoona jakisoni ndinathawa pamzere. Kathonje kaja ndinatapa muno, ndipo katemera uja sanalowe m'thupi langa ngakhale dontho. Koma mbale muzitsukabe, zalazi zikuwawadi."