Chouma m'mimba mwa Isaki

Namwino anagwira dzanja la a Luckson, lakuda ndi utomoni wa fodya wa kuesiteti, n'kulitengera pamimba pa mwana wawo. Isaki ataona dzanjalo likubwera, anadzipinda pabedi n'kuphimba mutu ndi mikono.

"Dinikizani apa, bambo," anatero namwinoyo.

Kumunsi kwa mchombo kunali gwa, ngati bango laliwisi.

"Ndi chimbudzi chimenecho. Chinauma kalekale n'kutseka njira."

"Chatseka bwanji, mayi, pomwe amaipitsira kabudula tsiku ndi tsiku? Pa Nsaru anatitsitsa naye m'minibasi chifukwa cha fungo. Ndi ulesi basi."

"Si ulesi ayi. Zamadzizo zimangodutsa m'mbali mwa choumacho n'kutuluka zokha. Mwanayu samva n'komwe."

"Samva, eti?"

Namwino anatembenuza Isaki kuti amuike mankhwala ofewetsa. Atatsitsa kabudula, manja ake anaima. Matako onse anali mikwingwirima yokhayokha, ina yakale, ina ya dzulo.

A Luckson anabisa dzanja lija kumbuyo.

Isaki anasuzumira kunsi kwa mkono wake.

"Ababa, lero sindinaipitse. Taonani."