Kankhumba ndi Chulu

Padangokhalatu, ana inu, Nkhumba ndi Mbuzi. Makola awo anali oyandikana, ndipo aliyense anali ndi kamwana kake.

Nkhumba ankadyetsa kake madeya okhaokha, m'mawa madeya, madzulo madeya, mpaka kamimba tuu! Mbuzi ankayenda ndi kake uku ndi uku: apa bonongwe, apo nkhwani, pena mtedza wotsala m'munda, pena mango ogwa okha.

"Anzanga, mwanayo mukumudyetsa ngati mbalame," anatero Nkhumba. "Onani wangayu, mimba yake ng'oma!"

"Ng'omatu imalira poti m'kati mulibe kanthu," anayankha Mbuzi akuseka. "Akwere chulu icho, tione wofika pamwamba."

Kambuzi kanangoti jowe jowe, kafika. Kankhumba kanakwera pang'ono, miyendo njenjenje, mpweya wefuwefu, kenaka gubudu, pansi!

Nkhumba analira. "Mayo ine, mwana wanga amulodza! Chikhalirecho sanagonepo ndi njala!"

"Palibe mfiti apa, amake mwana," anatero Mbuzi akukasasa fumbi kamwanako. "Madeya amadzaza mimba, koma magazi amafuna masamba, minofu imafuna mtedza. Mawa titsagane."

Anayenda limodzi mpaka mvula inagwa. Tsiku lina kankhumba kanaima pamwamba pa chulu n'kukuwa, "Amama, bwerani kuno!" Amake anayesa, koma anathera pakati, wefuwefu.

Kuyambira pamenepo nkhumba sisankha chakudya, chilichonse imalawa. Yathera pompa. Thamangani mukaphule nkhwani uja, angakudyereni a Nkhumba!