Mabere a Mayi Telala

Dokotala anasiya kulankhula pakati pa chiganizo. Dzanja lake linali pa bere lakumanzere la Mayi Telala, ndipo silinafulumire kuchokapo.

"Apa pakuwawa?"

"Pang'ono, adokotala."

"Kuyambira liti?"

"Papita masabata angapo."

Dokotala anavula magolovesi, naitana namwino, nanong'onezana naye. Namwino anatenga magazi ndi mkodzo, kenako onse awiri anatuluka. Chitseko anachitseka pang'onopang'ono, mmene amatsekera anthu odziwa chimene iwe sukuchidziwa.

Mayi Telala, wosoka madiresi a ukwati, sanabwere kuno ngati wodwala. Anabwera kudzafunsa za opaleshoni yokweza mabere. Ana anayi anayamwa mwakhama ngati aganyu, ndipo womaliza atasiya chaka chatha, pachifuwa panatsala zinthu ziwiri zolendewera ngati masokosi pachingwe. Tsiku ndi tsiku iye amazunguliza tepi pa zifuwa za atsikana okwatiwa, n'kumati, "Imirira bwino, mwanawe." Akaweruka amaima pagalasi la m'shopu yake, tepi ili m'khosi, osayerekeza kudziyeza.

Miyezi yambiri ankaopa mpeni. Tsopano, atakhala pa kabedi kozizira, atavala chovala cha chipatala chomangira kumbuyo, mpeniwo anauiwala.

Mayi ake aang'ono anayamba chomwechi. Kuwawa pang'ono, bere kulimba. Chaka chisanathe, Mayi Telala anawachepetsera madiresi kawiri. Kachitatu panalibenso wovala.

Anayamba kukumbukira zimene thupi linkamuuza iye osamvera. Kutopa masana ali pa makina. Chakudya kusalowa. Mitsempha kuonekera pakhungu. Ndipo posachedwapa mabere anaoneka ngati adzaza pang'ono, iye n'kumasangalala, wopusa, poganiza kuti mwina akubwerera okha.

Pampando wa pakona panali mwamuna wake, mkulu wa alonda pa kampani ina, atavala yunifolomu ngakhale linali tsiku lake lopuma. Ndi munthu amene amati "anyamata anga" ponena amuna a imvi. Iye ndiye anamulimbitsa mtima kuti abwere, poti awiriwa anapangana kale: ana anayi akwana, bambo akatseketse kubereka kuchipatala, mayi abwezeretse thupi lawo. Bambo anapita okha m'mawa wina, nabwerako akuyenda motang'adza, nagona pasofa masiku angapo, madzi akumwa akuchita kupatsidwa. Kuyambira pamenepo panalibe mlendo wochoka pakhomo pawo asanamve za kulimba mtima kwa bambowo.

"Mpeni si kanthu, mayi a ana," anatero tsopano, akugwedeza mwendo. "Ine anandidula ndili maso. Dokotala wake mpaka anandifunsa ngati ndinakhalapo msilikali."

"Bambo, chonde."

"Ndikungokulimbikitsani."

"Simunaone nkhope yake? Wapeza chotupa."

Mwendo uja unaleka kugwedezeka.

Pakhoma panali zithunzi ziwiriziwiri za azimayi opanda nkhope, china asanachitidwe opaleshoni, china atachitidwa. Polowa, maso a Mayi Telala anathamangira kumanja. Tsopano ankayang'ana kumanzere, kwa olendewera anzake, ndipo ankawasirira. Awiri, athunthu, amoyo. Akanapatsidwa amenewo akanavina mpaka kunyumba. Mumtima anayamba kupepesa: Ambuye, ndinangobwera kudzafunsa, sindinasaine kalikonse.

Anaganiza za mwana womaliza, amene sagona asanagwire khutu la mayi ake. Anaganiza za mtsikana wamkulu, amene watsala pang'ono kutha msinkhu, ndi za bambo ake amene angamulangize ngati akufoletsa alonda.

"Bambo a ana, mundimvetsere. Zikavuta, ana musawagawe kwa abale. Akulire pamodzi."

"Musayankhule zoitana tsoka, mayi."

"Makina osokera mupatse mng'ono wanga. Osati achemwali anu, iwo angagulitse maliro asanathe."

"Mayi!"

"Ndipo mukakwatira, mudikire chaka. Mukwatire wachikulire."

Mkulu wa alonda anavula chipewa nachiika pamaondo. Anatsegula pakamwa kuti alamule chinachake, koma munalibe wolamulidwa m'chipindamo. Panja pankamveka matayala a bedi akulira m'khonde. Wina anaseka patali, ndipo Mayi Telala anadabwa kuti anthu akadasekabe.

Chitseko chinatseguka. Dokotala analowa, namwino ali pambuyo. Sanaime monga poyamba. Anakoka mpando, nakhala pafupi, navula magalasi. Mayi Telala anaudziwa mkhalidwe umenewo. Ndi mmene anakhalira dokotala wa mayi ake aang'ono.

"Bambo, sendererani kuno, nkhaniyi ndi yanu nonse."

Bambo anasendera, chipewa chili m'manja.

"Mayi, opaleshoni imene mwabwerera sitingachite. Chaka chino ayi, ngakhale chamawa."

Mayi Telala anagwiritsa m'mphepete mwa bedi. Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

"Musandizungulire, adokotala. Ndine mayi wa ana anayi. Ndi khansa?"

"Khansa? Ayi, mayi, mulibe chotupa chilichonse. Muli ndi pakati."

Mayi Telala anapuma koyamba, mpweya wautali. Kenako anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Dokotala naye anatembenuka. Namwino nayenso.

Mkulu wa alonda ankayang'anitsitsa nsapato zake zopolishidwa.

"Tsiku lija ndinapita ndithu," anatero ndi timawu ta mwana wa sukulu. "Ndinavula ndi thalauza lomwe. Koma mayi a ana, mukanauona mpeni wake!"